Mafunso a Owerenga: N'chifukwa Chiyani Akufunditsa Phiri Nsalu Zoyera?

Funso: Ndinaona chithunzi cha ku Switzerland chosonyeza madzi oundana a m'phiri atafunditsidwa nsalu zoyera. Kodi zimenezi zikukhudzana ndi kusintha kwa nyengo, kapena ndi nzeru yokopera alendo chabe? — Wowerenga wa ku Zomba

Yankho: Zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu. Chithunzicho chiyenera kuti n'cha kumene mtsinje wa Rhône umayambira. Kuyambira cha m'ma 1870, anthu akumeneko akhala akusema phanga m'madzi oundanawo kuti alendo azilowamo atalipira, ndipo nsaluzo amaziyala kuti zizibweza kuwala kwa dzuwa, phangalo lisasungunuke msanga. Choncho malonda alipodi, koma chimene chawakakamiza kutero ndi kutentha.

Madzi oundana a m'mapiri ali ngati nkhokwe: chipale chogwa m'nyengo yozizira chimaidzaza, ndipo dzuwa la m'chilimwe limatapamo. Chaka chimodzi chotentha sichitsimikizira kanthu, koma nkhokwe ikamatsika kwa zaka makumimakumi, ndiye kuti chotapa chapambana chothira. Dziko la Switzerland linataya gawo limodzi mwa magawo 10 a madzi ake oundana m'zaka ziwiri zokha, 2022 ndi 2023.

Umboni umene ife timauona kuti ndi wamphamvu uli ku Chamonix, m'dziko la France, chifukwa munthu amauyeza ndi miyendo yake. Mlendo wopita ku chigwa cha madzi oundana chotchedwa Mer de Glace mu 1988 ankangotsika masitepe atatu kuchokera pamene ngolo yoyenda pachingwe inkaima, n'kuponda madzi oundana. Patadutsa zaka zoposa 30, masitepewo anali atapitirira 500, ndipo m'mbali mwa njira munali zikwangwani zosonyeza pamene madzi oundanawo ankafika m'zaka zapitazo. Mu 2024 anatsegula chingwe chatsopano chofikira kumtunda kwa chigwacho, kumene madzi oundanawo adakalipo.

Ku Bolivia zinthu zinafika kale pamapeto. Phiri la Chacaltaya, limene anthu ankachitirapo masewera otsetsereka pachipale pamtunda wa mamita oposa 5,000, linatsala miyala yokhayokha pofika mu 2009.

Kunena zoona, nsaluzo zimathandiza pakamalo kakang'ono basi, ndipo n'zodula moti palibe angafunditse phiri lonse. Chimene chikusungunula madziwo ndi mpweya wochokera ku malasha, mafuta ndi gasi, umene umatsekereza kutentha mumlengalenga, ndipo nsalu siingachotse mpweya umenewo.