Kwa mayi ofuna kupita kumpoto kwa Italy nthawi yotentha: mukagone ku Verona

Mayi, funso lanu ndaliwerenga. Mwati mumakhala ku England, ndipo ana akatsekera sukulu kumapeto kwa Julaye mukufuna kupita nawo kumpoto kwa Italy pamodzi ndi bambo awo kwa masiku osakwana sabata, koma simukudziwa ngati mukagone ku Venice kapena ku Milan. Malangizo anga ndi akuti mizinda iwiriyi mukaione ndithu, koma pogona panu pakhale ku Verona, mzinda umene uli pakati pa iwiriyo panjanji imodzimodziyo. Ndipo ngati kuntchito angakuloleni kusankha masiku, munyamuke ana akangotsekera kapena mudikire sabata yomaliza ya Ogasiti, kusiyana ndi kukafika masiku oyandikana ndi pa 15 Ogasiti.

Chimene chidzalamulire ulendo wanu wonse ndi kutentha, ndipo ndikunena izi podziwa kuti ife obadwira ku Africa timakonda kudzitama kuti dzuwa la ku Ulaya silingatiopse. Milan, Verona, Padua ndi Bologna ili m'chigwa chachikulu cha mtsinje wa Po, chimene chinatchingidwa ndi mapiri a Alps kumpoto ndi a Apennines kumwera, kotero kuti mphepo imayenda pang'ono kwambiri ndipo mpweya umakhala wachinyezi. Mu Julaye ndi Ogasiti sizachilendo kuti masana kutenthe kuposa madigiri 30, masiku ena mpaka 35, ndipo usiku sikuzizira msanga chifukwa miyala ya m'misewu ndi ya m'makoma imasunga moto wa tsiku lonse. Amene anakhalapo ku Chikwawa mwezi wa Okutobala akudziwa kutopa kumene ndikunena, kungoti kumeneko munthu sayenda mtunda wautali masana atanyamula chikwama ndiponso akukoka ana. Dzuwa limalowa mochedwa, cha m'ma 9 koloko usiku mu Julaye, ndipo nthawi zina madzulo kumabwera mvula yamabingu, ngakhale yamatalala, imene imagwa mwamphamvu kwa kanthawi n'kuleka.

Mukaganizira zimenezi, Venice amavuta kwa banja. Mumzindamo mulibe galimoto, muli milatho yoposa 400, yambiri ya masitepe, ndipo katundu wanu mudzamunyamula nokha kuchokera pamene boti lakusiyani kukafika kuhotela, m'tinjira topanikiza todzaza alendo. Mitengo ya zipinda ndi ya chakudya imakhalanso yokwera. Milan ndi mzinda waukulu wa malonda ndi maofesi; tchalitchi chake chachikulu cha Duomo n'choyenera kuchiona, koma tsiku limodzi likukwanirani. Verona ndi wocheperapo, wa anthu pafupifupi 250,000, ndipo mbali yake yakale inazunguliridwa ndi mtsinje wa Adige moti pafupifupi chilichonse chofunika kuona mumachifika pansi. Ubwino wake waukulu ndi wakuti mwana akalefuka masana, kubwerera kuchipinda sikutenga nthawi.

Za pa 15 Ogasiti ndifotokoze mwachidule. Limeneli ndi tchuthi cha dziko lonse chotchedwa Ferragosto, tsiku limenenso Akatolika amakumbukira kutengedwa kumwamba kwa Maria. Masabata oyandikana nalo eni dziko ambiri amatseka mashopu ang'onoang'ono ndi malo odyera a mabanja n'kupita kunyanja kapena kumapiri. Malo a alendo amakhala otsegula, koma zimene zimatsala m'mizinda kawirikawiri ndi zodula, pamene kunyanja kumene mungafune kukapumira kumakhala kodzaza.

Mukafika ku Verona, tsiku lanu muligawe monga amachitira eni ake. Dzukani m'mamawa, muyende kuyambira cha m'ma 7 koloko mpaka cha m'ma 11, mudye nkhomaliro, kenaka mukagone kapena mukakhale pamalo ozizira mpaka cha m'ma 5 koloko, ndipo mutulukenso dzuwa litapendeka. Ambiri amaona ngati kugona masana paulendo wolipira ndalama zambiri n'kuwononga, koma amene amakakamira kuyenda 2 koloko masana ndi amene pofika tsiku lachitatu amakhala atakwiyitsana okhaokha. N'chifukwa chake posungitsa malo ogona muwerenge bwinobwino ngati chipindacho chili ndi makina oziziritsa, pakuti nyumba zambiri zakale zobwereketsa zilibe, ndipo ena amalemba za makinawo pamene ali pabalaza pokha. Musankhe malo a mkati mwa mzinda wakale kapena apakati pa bwalo lalikulu la mumzindamo lotchedwa Piazza Bra ndi siteshoni ya Porta Nuova. Dziwaninso kuti pali msonkho wa alendo umene amawerengera munthu wamkulu aliyense pa usiku uliwonse, ndipo nthawi zambiri umalipiridwa padera mukafika.

Chifukwa chachikulu chimene ndikukutumizirani ku Verona nthawi yotentha, osati nyengo ina, ndi Arena. Limeneli ndi bwalo lamiyala limene Aroma anamanga m'zaka za zana loyamba Yesu atabadwa, ndipo ngakhale chivomezi cha mu 1117 chinagwetsa pafupifupi khoma lake lonse lakunja n'kungosiya kachigawo kochepa, mkati mwake ndi molimba mpaka lero. Kuyambira mu 1913, pamene anaonetsamo chisudzo choimba cha Aida pokumbukira zaka 100 chibadwire Giuseppe Verdi amene anachipeka, bwaloli limakhala ndi zisudzo zoimba za opera kuyambira mu Juni mpaka kumayambiriro kwa Seputembala. Simufunika kumva Chitaliyana kapena kukhala wokonda nyimbo zoterezi kuti musangalale. Kungoona anthu masauzande atakhala pamasitepe amiyala usiku, oimba mazanamazana ali pabwalo, n'kokwanira. Matikiti otsika mtengo ndi a pamasitepe apamwamba, ndipo ine ndimaona kuti kwa munthu wopita koyamba amenewo ndi abwino kuposa mipando yodula yapansi, chifukwa bwalo lonse mumaliona. Komabe miyalayo imakhala ikadali yofunda ndiponso ndi yolimba, choncho mutenge kapena mubwereke kotsamira. Chisudzo chimayamba cha m'ma 9 koloko ndipo chimatha pakati pa usiku kapena kupitirira, ndiye ngati ana anu ndi aang'ono kwambiri ganizani kawiri, mwinanso muonetsetse pa tsamba la Arena msinkhu umene amalola. Muwerengenso lamulo lawo la mvula musanagule, chifukwa kubweza ndalama kumadalira ngati chisudzocho chinali chitayamba kale kapena ayi.

Malo achiwiri amene sindikufuna muwaphonye ndi tchalitchi cha San Zeno Maggiore, chimene chili chapatali pang'ono ndi pakati pa mzinda, kutsatira mtsinje kupitirira linga lakale la Castelvecchio. Alendo ambiri safikako, mkati mwake ndi mozizira, ndipo pa guwa pali chithunzi chotchuka chojambulidwa ndi Andrea Mantegna, pamene zitseko zake zili ndi zithunzi zakale zosulidwa pa mkuwa zimene ana angathe kumazindikira nkhani zake za m'Baibulo. Koma chimene chingakukhudzeni n'chakuti Zeno woyerayo, amene ndi nkhoswe ya mzinda wonse wa Verona, anali bishopu wa m'zaka za m'ma 300 wochokera kumpoto kwa Africa, ndipo m'tchalitchimo muli chiboliboli chake cha nkhope yakuda, akumwetulira, nsomba ikulendewera pa ndodo yake yaubusa. Kwa ana amene akukulira ku Ulaya ndipo kusukulu amamva za Africa ngati malo ongolandira zinthu kuchokera kwina, kuona mzinda wa ku Italy ukulemekeza munthu wa ku Africa kwa zaka zoposa 1,600 ndi phunziro limene simungawapatse ndi pakamwa pokha. Ngati kwanu munakulira m'parishi ya ansembe a Comboni, amene amagwira ntchito ku Malawi ndi ku Zambia, dziwaninso kuti chipani chawo chinayambira mumzinda womwewu: Daniel Comboni anachikhazikitsa ku Verona mu 1867, ndipo panyumba yawo yaikulu pali malo oonetsera zinthu za ku Africa otchedwa Museo Africano. Muyambe mwafunsa masiku amene amatsegula, chifukwa mu Ogasiti nthawi zimasinthasintha.

Polowa m'matchalitchi onsewa mapewa ndi mawondo ayenera kukhala ophimbidwa, ndipo lamuloli limakhudza abambo ndi amayi omwe. Chitenje chopepuka m'chikwama chimathetsa nkhaniyi.

Nyumba imene amati ndi ya Juliet, ya m'sewero la Shakespeare lija, mungoisuzumira ngati mzere ndi waufupi. Juliet sanakhaleko, khonde lotchukalo analiwonjezera m'zaka za m'ma 1900, ndipo kabwalo kake kamadzaza moti munthu amasowa popumira. Nthawi imeneyo ndi bwino kuigwiritsa ntchito madzulo powoloka mlatho wa Ponte Pietra, umene asilikali a Germany anauphulitsa pothawa mu 1945 ndipo anthu anaumanganso ndi miyala yomweyo atayivuula mumtsinje, kenaka n'kukwera kangolo ya pachingwe yopita ku Castel San Pietro, kumene mzinda wonse umaoneka pansi panu ndipo kumawomba kamphepo. Pobwerera mudutse pa bwalo la msika la Piazza delle Erbe, ana adye gelato, ayisikilimu wa kumeneko.

Tsiku limene mwamva kuti kutentha kufika poipa, thawirani ku nyanja ya Garda, imene ndi yaikulu kuposa nyanja zonse za mu Italy. Sitima yochokera ku Porta Nuova imafika ku Peschiera del Garda m'mphindi pafupifupi 15, ndipo kumeneko ana angathe kusambira, kapena mungakwere boti loyenda m'midzi ya m'mphepete mwa nyanjayo. Mudzi wa Sirmione ndi wokongola koma amadzaza kwambiri nyengo imeneyi. Ngati muli ndi tsiku lathunthu, pitirirani mpaka ku Malcesine, kumene kuli ngolo za pachingwe zokwera phiri la Monte Baldo mpaka pamtunda wa mamita oposa 1,700, kumene mpweya ndi wozizira ngakhale pakati pa Ogasiti. Tsidya lina la nyanja, moyang'anana ndi Malcesine, kuli Limone, kwawo kwa Comboni uja. Mulawire ndithu, chifukwa mzere wa ngolozo umatalika dzuwa likakwera.

Ku Venice mupite tsiku limodzi, pa sitima ya m'mamawa kwambiri. Sitima zothamanga za Trenitalia ndi Italo zimatenga ola limodzi ndi mphindi zochepa, pamene zotsika mtengo, zimene amazitcha regionale, zimatenga pafupifupi ola ndi theka, ndipo kwa banja la anthu anayi kusiyana kwa mtengo kumaposa kusiyana kwa nthawi. Mutsikire pa Venezia Santa Lucia, osati pa Mestre pamene ambiri amatsika molakwitsa. Ngati mwagula tikiti yapepala ya sitima ya regionale, muidinditse pa kamakina ka pasiteshoni musanakwere, apo ayi woyang'anira adzakulipiritsani chindapusa ndipo kusadziwa sakumva. Kuyambira mu 2024 mzinda wa Venice umalipiritsa alendo obwera tsiku limodzi pa masiku ena osankhidwa, kupatula ana osakwana zaka 14, ndiye muone pa intaneti ngati tsiku lanu lili m'gulu limenelo. Galimoto musabwereke: pakati pa mizinda yakale ya ku Italy pali malo oletsedwa olembedwa kuti ZTL, makamera amajambula nambala, ndipo kalata ya chindapusa imakupezani kunyumba patapita miyezi.

Pa zakudya, madzi a pampopi ndi abwino kumwa, chimodzimodzinso a pamipopi ya m'misewu pokhapokha atalemba kuti non potabile, choncho aliyense akhale ndi botolo lake. Mukakhala patebulo m'malo odyera amawonjezera kandalama kotchedwa coperto pa munthu aliyense, ndipo si kuba ayi, ndi mwambo wawo. Khofi womwera chiimire pakauntala amatsika mtengo kuposa wa patebulo, makamaka pa Piazza Bra. Malo odyera ambiri amatseka khitchini masana nkhomaliro ikatha n'kutsegulanso cha m'ma 7 koloko madzulo. Nyengo imeneyi mapichesi ndi mavwende amakhala ambiri ndiponso okoma, ndipo amathandiza ana akakana chakudya chotentha. Ndikuchenjezeninso kuti ku Verona amadya nyama ya hatchi: mukaona mawu akuti cavallo kapena pastissada de caval pamndandanda wa zakudya, mudziwe chimene mukuitanitsa. Udzudzu uliko wambiri, ndipo wina wamizeremizere umaluma ngakhale masana. Malungo kulibe, koma mafuta othamangitsa udzudzu mutenge.

Chotsiriza ndi chimene muyenera kuyamba nacho lero lomwe. Ngati inu kapena bambo muli ndi pasipoti ya Malawi kapena ya Zambia, chilolezo chokhalira ku Britain sichikulowetsani mu Italy. Mufunika viza ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya, imene mumapempha ku ofesi ya dziko limene mukakhaleko masiku ambiri. Kuyambira mu Juni 2024 mtengo wake kwa munthu wamkulu ndi mayuro 90, amafuna inshuwalansi ya zachipatala yosachepera mayuro 30,000, komanso umboni wa pogona ndi wa ndege yobwerera. Mungathe kupempha kutatsala miyezi isanu ndi umodzi kuti munyamuke, ndipo popeza nthawi ya tchuthi cha ana aliyense amathamangira komweko, masiku okaonekera ku ofesi ya viza amatha msanga. Musungitse hotela imene imalola kusintha maganizo popanda kutaya ndalama, ndipo matikiti a ku Arena mugule viza ikatuluka.