Walakwa mmodzi, mowa aletsedwa onse: yankho kwa msilikali wopuma

Bambo wina amene anapuma usilikali wanditumizira imelo. Anamva zoti asilikali a dziko la America omwe ali ku Japan amaletsedwa kumwa mowa ndi kuyenda usiku mnzawo mmodzi akapalamula. Funso lawo ndi lakuti, kodi chimenechi si chilango cha gulu chomwe malamulo a ku Geneva amaletsa?

Bambo, za Geneva ndiyankhiretu: ayi. Ndime 87 ya pangano lachitatu la 1949 imateteza ogwidwa pankhondo, pomwe ndime 33 ya pangano lachinayi imateteza anthu wamba amene ali m'manja mwa adani. Msilikali amene wakhomeredwa mukampu ndi mkulu wake sali mmenemo. Akuluakulu ankhondo amati kutuluka ukaweruka ndi mwayi wongokupatsa, ndipo wopatsayo akhoza kulanda. Izi mukuzidziwa kuposa ine.

Koma kuloledwa ndi lamulo sikutanthauza kuti nzanzeru, ndiye tiyeni ku Okinawa. Zilumbazi sizikwana ngakhale 1 peresenti ya nthaka ya Japan, koma pafupifupi 70 peresenti ya malo omwe asilikali a America amagwiritsa ntchito paokha m'dzikomo ali kumeneko. Anthu akumeneko anatopa kalekale. Mu 1995 asilikali atatu atagwirira mtsikana wa zaka 12, anthu pafupifupi 85,000 anasonkhana ku Ginowan kusonyeza mkwiyo wawo.

Mu October 2012 asilikali awiri apamadzi anagwirira mayi wina ku Okinawa. Mkulu wa asilikali a America ku Japan panthawiyo, Salvatore Angelella, analamula kuti aliyense azikhala atalowa pofika 11 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa. Taonani apa: awiriwo kampu yawo inali ku Texas, ku Okinawa anangofikako pa ntchito ya masiku ochepa. Amene anasenza lamulolo ndi anthu oti opalamulawo sanawaonepo n'komwe. Pasanathe milungu itatu, msilikali wina ataledzera analowa m'nyumba ya eni ku Yomitan usiku n'kumenya mnyamata wa zaka 13, lamulo lija lili chikhalire.

Ya 2016 ndiye imandivuta kwambiri. Amene anapha mtsikana wa zaka 20 chaka chimenecho anali atasiya kale usilikali, ankagwira ntchito ku kampu ya Kadena ngati munthu wamba. Komabe asilikali a ku Okinawa anawaikira masiku 30 okhuza maliro, osamwa mowa kunja kwa kampu, osayenda pakadutsa pakati pa usiku. Masikuwo asanathe, msilikali wina wapamadzi anayendetsa galimoto ataledzera n'kuvulaza anthu awiri, ndipo asilikali onse apamadzi m'Japan monse anauzidwa kuti mowa asaukhudze, ngakhale m'nyumba zawo. Zinabwerezekanso mu November 2017, msilikali woledzera atapha bambo wa zaka 61 pangozi ya galimoto ku Naha.

Mmene ndikuonera ine, malamulo amenewa sakulankhula ndi msilikali. Akulankhula ndi boma la ku Tokyo ndi anthu a ku Okinawa, kuwauza kuti taonani, tachitapo kanthu. Pamenepo sindingawanyoze kotheratu. Mudzi uli pa chisoni, alendo sangamaimbe nyimbo m'mabala ngati palibe chachitika, ndipo kwa wokhala pafupi ndi kampu, nsomba ikawola imodzi zonse zawola. Ngakhale bungwe la United Nations limayendera maganizo omwewa: kuyambira 2016 lili ndi mphamvu yobweza gulu lonse la asilikali osungitsa mtendere, ndipo mu 2021 asilikali a dziko la Gabon pafupifupi 450 anabwezedwa kuchoka ku Central African Republic pa nkhani za nkhanza kwa amayi ndi atsikana.

Kusiyana kwake ndi kwakuti kumeneko amabweza gulu pakaoneka kuti khalidwe loipalo lafala kapena dziko lawo silikufufuza. Ku Okinawa lamulo limagwera sajeni wa banja lake amene sanapalamulepo, pomwe chidakwa chenicheni chimangodumpha lamulolo. Likakhalitsa, anthu abwino amayamba kuona ngati kusunga mwambo kulibe phindu. Kwa asilikali a America a ku South Korea lamulo la usiku lotere linabwezeretsedwa mu 2011 ndipo linakhala mpaka 2019. Zaka 8 si kukhuza maliro kumeneko.

Ndipo chimene a ku Okinawa amadandaula kwenikweni sichikhudzidwa. Pangano la 1960 pakati pa America ndi Japan limati msilikali woganiziridwa mlandu amene ali m'manja mwa America akhale komweko kufikira oimira boma la Japan atamutsegulira mlandu. Itachitika ya 1995 ija, America inavomera kuti pa milandu ya kupha ndi kugwirira iziganizira zomupereka msanga, koma kupereka kapena kukana kuli kwa iyo. Akuluakulu a boma la Okinawa akhala akupempha kuti panganoli lilembedwenso, ndipo mpaka lero ndime imeneyi sinasinthidwe.