Tifunseni: Za Bambo ndi Anyamata Ake

Makalata a mwezi uno achokera kwa abambo a mu Blantyre amene akulera ana aamuna. Ayankha ndi anamwino a ana pamodzi ndi aphunzitsi a sukulu za mkaka. Mayina a olemba tawasunga.

Mwana wanga wa zaka 7 amakodzabe pogona pafupifupi usiku uliwonse. Ndayesa chikwapu, amayi ake amamumana madzi kuyambira masana, koma palibe chikusintha. Nthawi ya chiperoni mabulangete sauma n'komwe. Kodi ndi ulesi kapena matenda?
Bambo wa ku Bangwe

Bambo, chikwapucho chitayeni. Mwana amene ali m'tulo sadziwa kuti mkodzo ukutuluka, ndiye mukumulanga pa mlandu umene sanauone. Mwa ana 100 a zaka 5, pafupifupi 15 amakodza pogona, ndipo ochuluka ndi anyamata. Chaka chilichonse ena amasiya okha thupi likamakhwima. Zimayendanso m'magazi: mukafunsa agogo ake, mwina mudzamva kuti inuyo kapena amalume ake munachedwanso kusiya.

Impso za ana ena zimapangabe mkodzo wambiri usiku pamene za anzawo zimachepetsa. Ena chikhodzodzo chawo sichisunga mkodzo wambiri. Ena amagona tulo tofa nato, moti chikhodzodzo chikadzaza sadzuka.

Kumumana madzi masana kukukulitsa vutoli. Mkodzo umasanduka wachikasu kwambiri ndipo umavutitsa chikhodzodzo, komanso chimbudzi chimauma. Mwana wa msinkhu umenewu azimwa makapu 5 kapena 6 a madzi patsiku, ambiri mwa iwo m'mawa ndi masana. Muzimunyamulitsa botolo popita kusukulu. Kukatsala ola limodzi kapena awiri kuti agone, basi, asamwenso kanthu. Tiyi ndi Coca-Cola madzulo ayi, chifukwa zimachulukitsa mkodzo. Masana azikodza pafupipafupi. Ana ambiri amapirira mkodzo tsiku lonse kusukulu ponyansidwa ndi zimbudzi, choncho mufunseni. Usiku akodze kawiri: pamene akukonzekera zogona, kenako pamene akulowa m'bulangete. Ngati chimbudzi chanu chili panja, musayembekezere kuti mwana wa zaka 7 angatuluke yekha mumdima. Muikireni kachidebe ndi tochi pafupi ndi pogona.

Chimene makolo ambiri sachiganizira ndi kudzimbidwa. Chimbudzi chouma chikadzaza m'matumbo chimapanikiza chikhodzodzo, ndipo malo a mkodzo amachepa. Ngati akupita kuchimbudzi kosakwana katatu pa sabata, kapena akuchita kudzikakamiza, muwonjezereni ndiwo zamasamba, nyemba, papaya ndi nsima ya mgaiwa. Ana ena amasiyira pomwepa.

Za mabulangetezo, yalani pulasitiki pamwamba pa matiresi kapena mphasa, kenako chitenje chakale. Chitenje chimauma msanga ngakhale kukuwaza. M'mawa asambe ndi sopo asanapite kusukulu, chifukwa fungo ndi limene limam'bweretsera mayina kwa anzake. Muziyamikira zimene angathe kuchita yekha, monga kukumbukira kukodza asanagone, osati kudzuka pouma, poti zimenezo sizili m'manja mwake. Zomuimbira nyimbo zonyoza kapena kumuopseza ndi chule zimangowonjezera mantha.

Pitani naye kuchipatala ngati amadzikodzeranso masana, ngati akumva kuwawa pokodza, kapena ngati anali atasiya kwa miyezi 6 ndipo wayambiranso. Magazi m'madontho omaliza a mkodzo nthawi zambiri ndi likodzo, makamaka kwa anyamata okonda kusambira m'mitsinje ndi m'madamu. Mankhwala ake, praziquantel, amaperekedwa molingana ndi kulemera kapena kutalika kwa mwana, choncho osangogula. Koma akakhala ndi ludzu losatha, akukodza kwambiri usana ndi usiku ndiponso akuwonda, mupite tsiku lomwelo akamuyeze shuga. Mwana amene wayambiranso mwadzidzidzi, ndipo wayamba kuopa munthu wina wake, mukhale naye pansi mwachifatse. Nambala yaulere yothandiza ana ndi 116.

Posambitsa mwana wanga wa zaka 3 ndaona kuti khungu la kunsonga kwa chokodzera chake silibwerera m'mbuyo. Anzanga akuti ndizilikoka tsiku lililonse mpaka litseguke. Nditero?
Bambo wa ku Chilomoni

Ayi, musatero. Mwana wamwamuna amabadwa khungulo litamatirira ku mutu wa chokodzera, ndipo limalekana lokha pang'onopang'ono. Ena zimatheka asanayambe sukulu, ena mpaka atayandikira kutha msinkhu, ndipo zonsezo si matenda. Mukalikoka mokakamiza limang'ambika, limapola ndi chipsera, ndipo chipseracho n'chimene chimadzatsekadi njira. Tsukani kunja kokha ndi madzi. Timibulu toyera timene nthawi zina timaoneka pansi pa khungulo si mafinya, timatuluka tokha. Likadzayamba kubwerera lokha, muphunzitseni kulikokera m'mbuyo, kutsuka, n'kulibwezeretsa kutsogolo nthawi zonse.

Kubwezeretsako n'kofunika. Khungu likakanirira kumbuyo kwa mutu limamanga ngati mphira, mutu umatupa, magazi sayenda. Zikatero musadikire kuti kuche. Pitaninso kuchipatala ngati patupa ndi kufiira, pakutuluka mafinya, kapena mkodzo ukungodontha.

Poti ndinu amene mumamusambitsa, tiwonjezere zina ziwiri, ndipo mutikhululukire potchula zinthu ndi mayina ake. Onetsetsani kuti machende onse awiri ali m'thumba mwake. Nthawi yabwino yoona ndi pamene akusamba madzi ofunda, chifukwa kukazizira amakwera m'mwamba. Ngati limodzi silipezeka ndipo mwana anapitirira miyezi 6, akaonedwe ndi dokotala. Chachiwiri: mnyamata wa msinkhu uliwonse akadandaula ululu woopsa wadzidzidzi pachende, mwina n'kusanza komwe, likhoza kukhala lapotokola. Madokotala amakhala ndi maola pafupifupi 6 oti alipulumutse. Musamupatse Panado n'kumugoneka, ndipo musamupatse chakudya poti mwina afunika opaleshoni. Thamangani naye ku Queens, kumene kuyambira 2017 kuli chipatala cha Mercy James chochita maopaleshoni a ana.

Anyamata anga awiri, wa zaka 4 ndi wa zaka 6, amangokhalira ndewu. Ndikafika kuchokera kuntchito ku Limbe ndimapeza milandu ikundidikira. Ndimakwapula onse awiri kuti pasakhale kukondera.
Bambo wa ku Machinjiri

Kumenya ana powaletsa kumenyana kumawaphunzitsa chinthu chimodzi: wamphamvu ndiye amene amamenya. Wamkuluyo phunziro limeneli amakaliyesera pa mng'ono wake inu mukachoka.

Yambani mwaona nthawi imene ndewu zimabuka. Kawirikawiri ndi pamene wamkulu wangoweruka kusukulu ndi njala, kapena madzulo nsima isanapse. Mbatata, nthochi kapena mtedza pa nthawi imeneyo zimathetsa milandu yambiri isanayambe. Tulo natonso: wa zaka 4 amafunika maola 10 mpaka 13, wa zaka 6 maola 9 mpaka 12. Ana amene amaonera nawo mafilimu a akuluakulu mpaka usiku amadzuka olusa, ndipo makarate amene aonawo amafuna powayesera.

Ndewu ikabuka, alekanitseni, gwadani kuti maso anu alingane ndi awo, nenani mwachidule kuti pano sitimenyana. Aliyense akhale payekha kwa mphindi zofanana ndi zaka zake, 4 ndi 6. Chimene amalimbiranacho, kaya ndi galimoto ya waya kaya mpira, chisungidwe mpaka mawa. Mitima ikatsika, aliyense afotokoze mbali yake winayo ali chete. Chilango chiperekedwe pomwepo ndi amene alipo. Mawu akuti "udikire abambo ako abwere" sathandiza, chifukwa mwana wa zaka 4 pofika madzulo waiwala kale chimene analakwa, ndipo inu mumasanduka wapolisi wa pakhomo.

Musamangoti wamkulu alekerere mng'ono wake nthawi zonse. Wamng'ono amazindikira msanga kuti kulira kumamupindulira, ndiye amaputa dala. Komanso kulimbana kwamasewera musakuletse, anyamata amakufuna. Limbanani nawo inuyo pamphasa kwa mphindi 10, ndi malamulo awa: kumaso ayi, pakhosi ayi, wina akati basi zathera pomwepo. Apa m'pamene amaphunzira kudziletsa. Ndipo wina akapweteka n'kulira, zoti mwamuna salira zisiyeni. Mnyamata woletsedwa kulira amabisanso zinthu zimene munayenera kuzidziwa.

Magetsi akazima timaphikira pambaula m'nyumba, ndipo kamnyamata kanga ka zaka 2 sikakhazikika. Katapsa ndingatani?
Bambo wa ku Ndirande

Thirani madzi ozizira pabalapo kwa mphindi 20 mosalekeza, kwina konse mutamufunditsa kuti asazizidwe. Madzi oundana ayi. Vulani zovala zonyowa ndi madzi otentha kapena phala, koma zimene zamatirira pakhungu musazikoke. Musapake Colgate, mazira, mafuta ophikira kapena phulusa, chifukwa zimalowetsa tizilombo ndipo anamwino amavutika kuzichotsa. Matuza musaboole. Phimbani ndi nsalu yoyera yopanda ubweya. Pitani naye kuchipatala ngati bala ndi lalikulu kuposa chikhatho chake, kapena ngati lili kumaso, m'manja, kumapazi, kumaliseche kapena polumikizana mafupa.

Mbaulayo iikeni pakona, mpando kapena tebulo litatchinga, zigwiriro za mapoto zitaloza kukhoma. Zenera likhale lotsekula, ndipo musagone ndi mbaula yoyaka m'nyumba ngakhale mu Juni kukuzizira, chifukwa mpweya wa makala suoneka, sununkha, koma umapha anthu ali m'tulo.