Funsani Azakhali: Kodi nditenge ngongole ya madola 200?

Azakhali, ndimagulitsa tomato ndi anyezi ku Mabvuku mumzinda wa Harare, ndipo ndimakaoda ku Mbare Musika mbandakucha. Kampani ina yobwereketsa ndalama ikuti indipatsa madola 200 pa chiwongoladzanja cha 10 peresenti pamwezi, ndibweze m'miyezi itatu. Anzanga akuti umphawi umatha choncho. Nditenge?
Mayi wa ana atatu, Mabvuku

Mayi, tiyambe ndi masamu. Ngati 10 peresentiyo akuiwerengera pa 200 yonse mwezi uliwonse, mudzabweza madola 260, osawerengera ndalama yolembetsera. Kodi tebulo lanu lingatulutse madola 87 pamwezi, ana atadya, mutalipira kombi ndi wangolo, tomato wina atafewa n'kutayidwa? Lembani m'kope zogula ndi zogulitsa kwa mwezi wathunthu, kopelo likuyankhani bwino kuposa anzanuwo.

Ine ngongole zazing'onozi sindidana nazo. Muhammad Yunus ndi Grameen Bank ya ku Bangladesh anaonetsa kuti mayi wosauka amabweza ngongole ngakhale alibe chikole, mpaka analandira mphoto ya Nobel mu 2006. Koma kafukufuku wa m'mayiko 6 wofalitsidwa mu 2015 anapeza kuti ngongolezi zinathandiza mabizinesi ena kukula, pomwe ndalama zolowa m'mabanja ambiri sizinasinthe kwenikweni. Zimakankha geni yoyenda kale. Yolipirira fizi kapena maliro, imeneyo imadya mpamba, ndipo chimandiwawa ndikaona mayi akugulitsa mbaula kuti abweze.

Mukaganiza zotenga, afunseni laisensi ya Reserve Bank of Zimbabwe. Wopanda pepalalo ndi wakatapila, amene anzathu kuno amati chimbadzo. Pamgwirizano palembedwe kuti mubweza m'madola kapena mu ZiG, ndalama ya dziko la Zimbabwe, ndi chilango mukachedwa. Kafunseninso ku Zimbabwe Women's Microfinance Bank, yomwe inatsegulidwa mu 2018, muyerekeze.

Pali nkhani ya chitupanso, chomwe mungachifune pokabwereka. Ambiri a ife ana a makolo ochokera ku Malawi tidakali ndi chija cholembedwa kuti ndife alendo, chonsecho malamulo aakulu a dziko a 2013 amati wobadwira muno, kholo lake lili la m'dziko la SADC, ndi nzika ngati ankakhala muno chaka chimenecho. Kachikonzetseni ku ofesi ya zitupa.

Mukadakhala mng'ono wanga, ndikadati muyambe ndi chipereganyu cha amayi a kumpingo, mukando uja, muwonjezere mabokosi awiri a tomato muone ngati akutha asanaole. Akamatha, kabwerekeni 100, osati 200.