Zimbalame zozungulira pa Reading zija

Mayi wina amene wangosamukira ku Reading, tauni ya kuno ku England, wanditumizira imelo, akuti pamwamba pa nyumba yawo pamangozungulira zimbalame zikuluzikulu, ndiye akufunsa ngati zili mphamba komanso ngati khanda lawo lingagone panja bwinobwino.

Mayi, apa ndiye mwandikanda pomwe pamayabwa. Ine ndinakulira ku Ntcheu ndipo ikafika August ntchito yathu anafe inali yolondera anapiye, thadzi likangolira mwachilendo basi liwiro tonse, kukuwa uku tikugenda m'mwamba, anapiye mbweee pansi pa nkhokwe, ukachedwa mmodzi wapita ndipo madzulo ake ukayankhe kwa agogo. Ndiye mantha anuwo ndikuwadziwa. Koma ya kunoyi, imene eni dziko amati red kite, ndi m'bale chabe wa yathu ija, ndipo ndi yaulesi bwanji. Ikatambasula mapiko amafika pafupifupi mamita 2 koma thupi lake n'lopepuka, cha m'ma kilo 1 basi, zikhadabo zakenso zilibe mphamvu kwenikweni. Imadalira zofa kale, akalulu ogundidwa ndi galimoto pa msewu waukulu wa M40, nyongolotsi m'minda yongolimidwa kumene, mwina mbewa ikachita mwayi.

Zinatheratu izi mu England ndi Scotland, anthu ankaziwombera ndi kuziikira poizoni, zinangotsala zochepa ku Wales. Mu 1989 a bungwe loteteza mbalame la RSPB ndi a boma oona zachilengedwe anayamba kuzibwezeretsa, zina kuchokera ku Sweden, ndipo mu 1990 ana 13 a mbalamezi ochokera ku Spain anawamasula m'mapiri a Chilterns, pafupi pomwepa. Zaswana moti mu 2022 England ndi imene inayamba kutumiza ana ku Spain. Ntchito yabwino imeneyo, sindikutsutsa.

Chimene chimanditopetsa ine ndi anthu. Kuno ku High Wycombe aneba anga, bambo wachikulire ndithu waulemu wake, amaponya zotsala za nkhuku padenga la shedi masana aliwonse kenako n'kukhala pampando ndi kamera, zimbalame zija n'kumatsika motsatizana kutsomphola osatera n'komwe, ndiye poti zimalimbirana m'mwamba, zikopa ndi mafupa zimagwera kwathu, tsiku lina mpaka pa mabulangete amene ndinayanika. Ndinawauza mwaulemu, anangoseka amvekere ndi zokongola. Ee n'zokongola, nanga makoswe amene abwera chifukwa cha mafupawo ndi okongolanso? Ndipo makoswe akachuluka wina amathira mankhwala, khoswe uja amakafera poyera, mbalame yomwe akuti amaikondayo n'kumudya, nayo n'kufa. Ofufuza a pa University of Reading anapeza kuti chimene chimazikokera m'tauni yanuyo masana ndi nyama imene anthu amaziikira kuseri kwa nyumba zawo. M'matauni apafupi a Marlow ndi Henley zinafika polanda anthu masangweji m'manja m'mapaki. Ine ndiye ndanena, kuzidyetsa n'kuziononga, ndipo amene amatero akuzifunira zithunzi basi, njala sizikufa nayo.

Komanso zimatola timasokosi ndi tinsanza kukayala m'chisa, ndiye kasokosi ka mwana kakasowa cha m'ma April musafulumire kukalipira abambo akunyumba.

Kuizindikira

Yang'anani mchira. Wa red kite ndi wautali, wamphanda, wofiirira, ndipo imaupotoza uku ndi uku ikamauluka. Mutu ndi wotuwa, kunsi kwa mapiko kuli zigamba zoyera, nsonga zake zakuda, kulira kwake ndi kaluzu kautali. Mukaona ya mchira waufupi wopanda mphanda ndi mapiko otakata, imeneyo ndi mbalame ina yotchedwa buzzard.

Za khandalo, singalinyamule, ilibe mphamvu zotero ndipo siisaka anthu. Ingopewani kumupatsa mwana chakudya m'manja pabwalo zikamazungulira pafupi, nyama ya braai muzivindikira. Legeni ayi mayi, lamulo la 1981 limaziteteza, mukaivulaza ndi mlandu.