Funsani Malume: Zotchera afisi m'nkhalangozi sindikamangidwa nazo?

Malume, sukulu ndinamaliza koma ntchito ndiye palibe, ndangokhala pa Area 25. Mnzanga akuti tikadzipereke kuthandiza ofufuza nyama zolusa m'nkhalango, akuti amatchera misampha nkumazipima. Si zomwe anthu akumangidwa nazo zija? Kangachepe kamakhalapo? Amayi akuti fisi ndi wa afiti ndisayerekeze.
Wosowa chochita, Lilongwe

Mphwanga, lamulo la nyama zakutchire analikhwimitsa mu 2017, milandu ina mpaka zaka 30 uli mkati, ndiye funso loyamba kwa aliyense wokutenga likhale loti chilolezo cha Dipatimenti ya Nyama Zakutchire muli nacho? Akayamba kukanda m'mutu bwerera kwanu.

Msampha wake si waya wa opha nyama mozemba uja. Ndi khola lachitsulo, mumaika nyambo mkati madzulo, nyama ikalowa chitseko phaa, ndiye m'bandakucha muli kale m'njira kukazonda chifukwa ikapsa ndi dzuwa kapena kudzivulaza pofuna kuthawa mlandu ndi wanu. Wobaya mankhwala ogonetsa ndi dotolo wa nyama, osati iwe. Yako ndi kunyamula sikelo, kulemba makilo, kugwira tochi pomwe akuona mano ndi kutenga magazi, mwina kuiveka kolala ya GPS yoonetsa komwe ikuyenda, kenako kudikira patali mpaka idzuke ipite.

Koma ndisakunamize, masiku ambiri khola mumalipeza lopanda kanthu nyambo itadyedwa ndi linthumbu. Ntchito yeniyeni ndi kusintha mabatire a makamera omangirira pamitengo ndi kutola manyi a nyama kuika m'mapepala. Manyi a fisi sasowa, akauma amayera mbuu ngati choko chifukwa amatafuna ndi mafupa omwe, ndipo ubweya uli m'menemo ndi umene umaulula ngati anadya gwape kapena mbuzi ya munthu.

Za kangachepe usadalire, azungu ambiri obwera kudzathandiza amachita kulipira okha, ndiye funsiratu za chakudya, pogona ndi thiransipoti. Katemera wa chiwewe baitsa usanapite, ndipo nkhupakupa uzizifufuza m'thupi madzulo aliwonse.

Sufunikanso kuyambira ku Dzalanyama kapena Ntchisi ayi, afisi tili nawo mtauni mommuno ndipo a Carnivore Research Malawi akhala akuwafufuza. Kafunsenso ku Lilongwe Wildlife Centre, ndi pafupi ndi City Centre pompa. Amayi usalimbane nawo za ufiti, simugwirizana, ungowauza kuti fisiyo pomupima amakhala atagonetsedwa ndipo dotolo ali pomwepo.