Funsani amakaniko: galimoto yachita ngozi, ndikonze, ndigulitse kapena ndiphwasule?

Zikomo akonzi. Toyota Sienta yanga ya 2008 inawomba ngolo usiku pakati pa Chinkhoma ndi pa boma. Tonse tinapulumuka. Yaphwanyika kutsogolo mbali ya dalaivala: bampala, nyali, boneti, fenda ndi redieta, ndipo ma airbag onse awiri anaphulika. Wowongola magalimoto wina akuti aibwezeretsa mwakale m'masabata awiri, munthu wina akufuna kuigula momwe ililimu, pomwe alamu anga akuti ndiphwasule ndizigulitsa zipangizo. Inshuwalansi yanga ndi ya third party. Nditsate ziti?
Bambo wa ku Chinkhoma, Kasungu

Pepani ndi ngoziyo, bambo, ndipo tithokoze kuti moyo ulipo. Third party imalipira zimene mwaonongera ena, yanuyi ituluka m'thumba mwanu. Choncho musavomere msanga mawu a aliyense mwa atatuwo galimotoyo isanayezedwe.

Sienta ilibe chasisi chapachokha ngati Hilux kapena lole. Bodi yakeyo ndiye chasisi. Kutsogolo kuli miyendo iwiri yachitsulo yochokera pansi pa dashibodi kukafika kuseri kwa bampala, ndipo injini ndi mashoko zimadalira miyendo imeneyi. Bampala, nyali, boneti ndi fenda ndi zamabawuti, zimangofuna ndalama. Mlandu wonse uli pa miyendo iwiriyo.

Auzeni amakaniko achotse bampala, nyali ndi mafenda onse awiri, galimoto iime pa simenti yosalala, matayala akhale ndi mpweya wofanana. Tengani tepi muyeze mopingasa: kuchokera pa bowo la bawuti ya fenda pafupi ndi galasi kumanzere kukafika pa bowo lakutsogolo kumanja, kenako mbali inayo chimodzimodzi. Miyezo iwiriyi ikasiyana kupitirira mamilimita 3, mphuno ya galimoto yasuntha. Kenako wongolani chiwongolero, muyeze kuchokera pakati pa tayala lakutsogolo kukafika pakati pa lakumbuyo mbali zonse. Pa Sienta ya zaka zimenezo pamakhala mamilimita 2,700. Mbali ya dalaivala ikafupika, tayala linakankhidwira kumbuyo. Nthawi zina ndi control arm yokha, mkono wachitsulo wogwira tayala, yapindika, imene ndi yosavuta kusintha, koma nthawi zina ndi pomwe imamangidwa, ndipo apo nkhani yakula.

Unikani mwendo wa chasisi ndi tochi kuchokera kutsogolo mpaka kumapeto. Penti yosweka kapena yosendeka pakati pa chitsulo imaonetsa pomwe chinapindikira. Tukulani kapeti pomwe dalaivala amaponda muone ngati pansi pafufuma. Tsegulani ndi kutseka zitseko zonse. Chitseko chimene chikukhula, kapena mpata wake wakula pamwamba n'kuchepa pansi, chikukuuzani kuti mzati wasuntha. Onaninso denga pamwamba pa mzati wapakati. Kamkwinya kakang'ono pamenepo, pomwe sipanagundidwe, ndi umboni woti bodi yonse inapotoka.

Ife timagamula motere. Ngati kuonongeka kwathera kutsogolo kwa pomwe pamangidwa shoko, ndipo chitsulo changopindika osakwinyika, galimoto ikhoza kukonzedwa bwino. Ngati kwafika pa shoko, pa khoma lolekanitsa injini ndi okwera, pansi kapena pa mzati, musakonze, ngakhale wowongolayo alumbire.

Mufunseninso kuti awongola ndi chiyani. Akakuuzani kuti amanga tcheni ku mtengo n'kutentha chitsulo ndi gasi mpaka chifiire, chotsani galimoto yanu. Chitsulo cha miyendoyi chinapangidwa kuti chikwinyike kamodzi, n'kumwa mphamvu ya ngozi kuti isafike kwa inu. Chikatenthedwa chimafooka, ndipo pa ngozi yachiwiri chimangopindika, injini n'kulowera ku miyendo ya dalaivala. Ngakhale ngozi isachitike, galimoto yotere imakokera mbali imodzi, imadya matayala m'mphepete, ndipo alayimenti imakana. Pamafunika garaja yokhala ndi makina okokera ndi oyezera, imene imadula chidutswa chokwinyika n'kuwotcherera china pomwe fakitale inalumikiza. Fila, phala lomata pa bodi penti isanapakidwe, ndi yosalazira basi, isapitirire mamilimita 3. Ikachuluka imayamba kusweka mukayenda miyezi ingapo m'misewu yafumbi.

Za injini, funso ndi limodzi: kodi munayendabe nayo redieta itaboola? Injini ya 1NZ-FE ndi ya aluminiyamu, ikatentha yopanda madzi hedi imapindika ndipo gasiketi imapsa. Onani oyilo ngati wasanduka wotuwa ngati tiyi wamkaka, ndipo amakaniko ayeze kompuresheni. Masilinda anayiwo asasiyane kupitirira 1 bar. Aonenso ngati giyabokosi yang'aluka pomwe pali maunting'i.

Powerengera mtengo, ambiri amaiwala ma airbag. Sikugula matumba awiri okha ayi. Pamafunikanso malamba awiri akutsogolo, chifukwa amakoka n'kumangika pa ngozi ndipo sagwiranso ntchito, kompyuta ya ma airbag, waya wozungulira wa kuseri kwa chiwongolero, komanso dashibodi ngati inang'ambika. Alipo amakaniko amene amamata chivindikiro chopanda kanthu m'kati n'kuika kachipangizo kozimitsa nyali yochenjeza. Musalole zimenezo, mumanyamulamo ana. Zakutsogolo funsani nose cut kwa ogulitsa masipeya ku Lilongwe, monga ku Malangalanga: imabwera ndi bampala, nyali, redieta, kondensa ndi mafani pamodzi, ndipo kawirikawiri imatsika mtengo kusiyana n'kugula chimodzichimodzi. Pitani ndi nambala ya chasisi ndi zithunzi, poti Sienta inasinthidwa nkhope mu 2006 ndipo nyali ndi mabampala sizifanana zonse. Onjezerani penti, gasi wa AC, alayimenti, bulekidauni ndi COF (chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu), kenako muikepo gawo limodzi mwa magawo asanu a mtengo wonsewo, likhale la zobisika zimene zidzaoneke ntchito ili m'kati.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka. Sienta yabwino ngati yanu ikugulidwa K10 miliyoni, koma yowongoledwa ogula amaitsitsa, mwina K9 miliyoni. Wogula uja akukupatsani K3.5 miliyoni lero, ndipo kukonza kukufuna K6 miliyoni. Mukakonza ndiye kuti mwalowetsa K9.5 miliyoni, chifukwa K3.5 miliyoni ija mwaikana, pa galimoto ya K9 miliyoni. Apo gulitsani. Kukonza kukanakhala K4 miliyoni miyendo ili yowongoka, tikanati konzani. Kwa inu, poti ma airbag onse anaphulika, tikukayika kuti tepi ikukomerani, koma yezani kaye. Za maganizo a alamu anu, werengani yankho lotsatirali.

Probox yathu inagubuduzika pafupi ndi Kamwendo tayala litaphulika. Denga lafwamphuka mpaka pa mipando, magalasi onse asweka, koma kutsogolo sikunakhudzidwe kwenikweni. Amakaniko akuti injini ndi yabwino. Ndikufuna kuiphwasula. Ndiyambire pati kuti ndisaluze?
Mayi wa ku Kamwendo, Mchinji

Mwaganiza bwino kusaikonza, mayi. Mizati ya denga ikapindika chonchi, alipo amene amadula denga la galimoto ina n'kuwotcherera, koma pomwe awotchererapo ndi pomwe padzathyokere ikadzagubuduzikanso.

Choyamba, munthu asaiyatse. Galimoto ikagona chagada kapena cham'mbali, oyilo amalowa m'masilinda. Mukaliza sitata, pisitoni imakanika kupanikiza oyiloyo ndipo con rod, chitsulo chogwira pisitoniyo, imapindika, injini imene inali ndalama zanu n'kuthera pomwepo. Iime ndi matayala ake tsiku lathunthu, amakaniko achotse mapulagi onse anayi, azunguze injini ndi sipanala kaye, kenako ndi sitata mapulagi asanabwezeredwe kuti oyilo atuluke. Akatero aone oyilo ndi madzi, abwezere mapulagi, ndiye ayatse. Itulutsa utsi kwa mphindi zingapo, musadandaule. Ikakhazikika jambulani vidiyo pa foni yoonetsa injini ikulira, dashibodi ndi makilomita ake, nambala ya injini, ndi magiya akulowa. Injini yochotsedwa popanda umboni wotere ogula amaigula ngati yakufa.

Mwayi wanu ndi woti Probox ili ndi msika. Onani pa kachitsulo ka fakitale ngati injini ndi 1NZ-FE ya 1500 kapena 2NZ-FE ya 1300. Ya 1NZ imapezekanso mu Sienta, Corolla NZE, RunX, ist ndi Raum, ndiye oifuna ndi ambiri, ngakhale mawaya ndi masensa amasiyana malinga ndi chaka. N'chifukwa chake muigulitse pamodzi ndi mawaya ake osadula ndi kompyuta yake. Wochotsa amasule mapulagi a mawaya ndi manja. Waya wodulidwa ndi pulayazi amagwetsa mtengo.

Zimene zimatuluka msanga ndi injini, giyabokosi, sitata, alitaneta, kompuresa ya AC, redieta, nyali, steering rack, ma driveshaft, mahabu, mashoko ndi ekiselo yakumbuyo. Catalytic converter, chosefera utsi cha pa ekizozi, ili ndi ogula akeake chifukwa cha zitsulo zodula za m'kati mwake; musalole ipite ndi bodi pa mtengo wa sikirapu. Mipando, mapulasitiki ndi makapeti zimatha kukhala chaka osafunsidwa. Bodi yotsalayo imagulidwa pa kilo.

Asanayambe kumasula, achotse batire n'kudikira masekondi 90, chifukwa ma airbag amene sanaphulike akhoza kuphulika. Petulo, oyilo ndi madzi a mu redieta akhetsedwe m'zigubu zotseka. Madzi obiriwira kapena ofiirawo ndi otsekemera koma ndi poizoni kwa ana, agalu ndi ziweto. Thanki isadulidwe ndi gulayinda ngakhale ikuoneka youma, mpweya wa petulo umatsalira. Injini ikatsika ikhale pa tayala lakale m'nyumba, mabowo onse atsekedwe ndi nsalu ndi pulasitiki, muthire oyilo wa supuni imodzi m'bowo la pulagi iliyonse, ndipo izizunguzidwa ndi sipanala kamodzi pa mwezi.

Tikuuzeni mosabisa: kuphwasula kumabweretsa ndalama zambiri pa pepala, koma zimabwera pang'onopang'ono, n'kuthera mu ndiwo ndi fizi osaoneka. Ogula ambiri ali ku Lilongwe, ena adzafuna ngongole, ena adzabweza chinthu ati sichikugwira. Galimoto yoima pabwalo imasowa alitaneta usiku umodzi, ndipo mvula ikalowa m'mawaya ndi m'kompyuta zatha. Ngati mulibe chipinda chokiya ndi makaniko wokhulupirika, gulitsani injini, giyabokosi ndi catalytic converter panokha, zotsalazo mupereke kwa wamasipeya m'modzi pa mtengo umodzi. Chilichonse chimene mwagulitsa chilembeni chizindikiro ndi penti kuti pobweza asakusinthireni ndi chakufa.

Chimene simuyenera kugulitsa ndi blue book, manambala a galimoto ndi chitsulo cha nambala ya chasisi. Adzabwera anthu ofuna "mapepala okha" ndi ndalama yabwino. Mapepala amenewo amakavekedwa galimoto yakuba kapena yolowa mozemba msonkho, ndipo dzina limene apolisi adzalipeze ndi lanu. Pitani ku Road Traffic mukanene kuti galimotoyo yaphwasulidwa kuti ichotsedwe m'kaundula. Wogula injini mumulembere lisiti yokhala ndi nambala ya injiniyo, inu musunge kope lake.

Ndili ndi inshuwalansi ya comprehensive, yolipiranso galimoto yanga ikaonongeka. Akampani akuti galimoto yanga ndi write-off, kutanthauza kuti siyoyenera kukonzedwanso, koma ndalama imene akundipatsa singagule ina ngati yomweyo, komanso akuti atenga galimoto yoonongekayo. Kodi n'zololedwa?
Mphunzitsi wa ku Mtunthama, Kasungu

N'zololedwa, aphunzitsi. Kampani ikalipira write-off, chotsalacho chimakhala chake. Mukachifuna pemphani kuchigula, adzachotsa mtengo wake pa ndalama yanu. Koma yezani chasisi monga tafotokozera pamwambapa musanapemphe.

Kuchepa kwa ndalamako kawirikawiri kumachokera pa mtengo umene munalembetsa. Amalipira mtengo wa pamsika kapena umene munalembetsa, wocheperapo mwa iwiriyo, n'kuchotsapo excess, gawo limene mwini galimoto amadzilipirira yekha. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 magalimoto anakwera mtengo, koma ambiri akungolipira inshuwalansi pa mtengo wakale chaka ndi chaka. Ngati vuto ndi limeneli, palibe pogwira. Koma ngati munalembetsa mtengo wokwanira ndipo woyesa wawo ndiye waitsitsa, musasayine pepala lovomereza. Pezani mitengo yolembedwa ya magalimoto atatu a mtundu, chaka ndi makilomita ofanana ndi yanu, muphatikize malisiti a matayala kapena zina zimene munagula posachedwa, mulembe kalata yopempha kuti aunikenso. Akakana popanda chifukwa chomveka, dandaulo limapita kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi. Ngati galimotoyo ili pa ngongole ya banki, bankiyo imayamba kulandira, inu n'kutenga chotsala.

Kwa owerenga ena: tengani lipoti la apolisi, dziwitsani kampani m'masiku olembedwa mu polisi yanu, ndipo musamasule bawuti ngakhale imodzi woyesa wawo asanaione. Amene mumanyamula matola pa galimoto yolembetsedwa kuti ndi yapakhomo, dziwani kuti kampani ikazindikira ikhoza kukana kulipira.

Ndapeza wogula Aqua yanga yogundidwa kumbuyo. Akuti alipira theka, aitenge, dzina tidzasintha akamaliza kukonza. Ndivomere?
Wowerenga wa pa boma, Mchinji

Ayi, achimwene. Galimoto isachoke ndalama yonse isanalowe, ndipo za kusintha umwini mukaziyambe ku Road Traffic nonse awiri nthawi yomweyo. Dzina likakhala lanu, milandu ya pamsewu ndi ngozi iliyonse zidzalondola inu. Lembani pangano lokhala ndi nambala ya chasisi, ya injini, mtengo, ndi mawu oti yagulitsidwa itachita ngozi momwe ilili. Musayine nonse pamodzi ndi mboni ziwiri, muphatikize zithunzi ndi makope a ziphaso zaunzika.

Poti ndi hybrid, yoyendera petulo ndi magetsi, batire yake yaikulu ya magetsi amphamvu ili pansi pa mpando wakumbuyo, kufupi ndi kumene yagundidwa. Munthu asakhudze mawaya a mtundu wa lalanje mpaka wodziwa za hybrid atachotsa pulagi yodulira mphamvu atavala magolovesi a magetsi. Poinyamula ikwere pa bulekidauni yonse, kapena matayala akutsogolo akhale m'mwamba, chifukwa akamazungulira pansi mota imapanga magetsi amene akhoza kuwotcha inverter, chipangizo chosintha magetsi pakati pa batire ndi mota.